Chaka Chimene Ayezi Anawola

Madzi anayamba kudontha padenga la khola la agalu m'mwezi umene malovu amaundana asanafike pansi. Chikwapu ankadula nyama ya agalu ndi nkhwangwa pamene dontho loyamba linamugwera m'khosi. Anayang'ana kumwamba, n'kutukwana, n'kupitiriza kudula.

Dzinali anamupatsa chifukwa cha chikwapu chake chachitali cha chikopa, chimene ankachiliza pamwamba pa agalu ake koma osamenya nacho ngakhale mmodzi. M'tauni yaing'ono ija, kumene nyanja imaundana miyezi yambiri pachaka, anthu anali atasiya agalu n'kugula njinga zamoto zoyenda pachipale chofewa. Iye yekha anakakamira agalu ndi ngolo yake yopanda mateyala, yongotsetsereka pa ayezi.

"Alamu, mangani agalu."

Anali mlamu wake, mkulu wa mkazi wake, mayi amene ankagwira ntchito kuofesi ya zanyengo pamwamba pa chitunda. Kumbuyo kwake kunali mnzake wa kuntchito, munthu wamtali wochokera kumayiko otentha, katswiri wa za m'nyanja. Ngakhale anali atakhala nawo zaka zingapo n'kuphunzira chinenero chawo, ankavalabe majekete awiri ndipo mano ake sankaleka kugundana. Tauni yonse inkamutcha Manjenje.

"Moni kaye, alamu," anatero Chikwapu. "Kapena kuofesi kwanuko moni anaundana?"

"Bambo sakuyankha wailesi."

"Apongozi amaizimitsa akafuna. Amati imathamangitsa akatumbu."

"Papita nthawi, alamu, sanachitepo chonchi. Ndipo kukubwera mphepo yotentha. Ndi mvula yomwe."

Chikwapu anaika nkhwangwa pansi. Apongozi ake ankasaka akatumbu a m'nyanja pachilumba cha miyala kutsidya kwa nyanja youndanayo, okhaokha, chaka ndi chaka, ndipo ankabwerera ayezi akadali wolimba ngati simenti. Mwachizolowezi anali adakali ndi miyezi iwiri yabwino.

"Mvula mwezi uno? Mwamwa chiyani kumeneko?"

Manjenje anasendera pafupi, manja ali m'khwapa. "Achimwene, nyanja ya kwathu yatentha chaka chino kuposa zaka zonse zimene tinayezapo. Ikatentha chonchi, kutenthako sikuthera komweko. Kumafika kuno."

"Kwanu kuja ndege imachita kutopa isanafike. Ndiye mukuti mphika wawira kwanu, ine ndipse chala kuno?"

"Sekani mukumanga agalu," anatero Mlamu. "Woyendetsa ndege wakana chifukwa cha chifunga. A njinga zamoto akuti njinga zawo n'zolemera, safuna kumira. Mwatsala inu."

Mkazi wa Chikwapu anali ataima pakhomo la khitchini, sopo akadali m'manja. Anamva zonse. Sanakuwe, sanalire. Anangoti, "Bambo a ana, ndi bambo anga aja."

Chikwapu anapita kukatenga zingwe.

Anapakira thumba lalikulu la nyama ya agalu, chitofu cha palafini, zikopa zofunda, mfuti, mkondo wogogodera ayezi, wailesi ya Mlamu, ndi chitsulo cha Manjenje choboolera ayezi, chopota ngati sikuluwu. Njira zinali ziwiri. Ina inkadula pakati penipeni pa nyanja, yaifupi. Ina inkatsata gombe, yaitali, yozungulira, yodutsa pamathiriro a mtsinje.

"Popita tidule pakati, kusanatenthe," anatero Chikwapu. "Pobwera tikaonera komweko."

Nyengo imeneyo dzuwa silinkalowa kwenikweni. Linkangotsika, n'kukhudza mapiri, n'kukweranso. Agalu anayamba ndi liwiro, Makutu, galu wamkazi wotsogolera, ali patsogolo mchira uli m'mwamba. Koma tauni itangozimiririka kumbuyo, phokoso la pansi pa ngolo linasintha. Ayezi wabwino amalira ngati galasi. Uyu ankangoti phwatha phwatha. Mtundu wakenso sunali woyera wobiriwira uja. Unali wotuwa ngati phulusa lonyowa, ndipo m'malo ena madzi anali ataima pamwamba, agalu n'kumawamwaza ndi mapazi.

Anaima. Chikwapu anagogoda ndi mkondo, mkondowo n'kulowa mosavuta. Manjenje anapotokola chitsulo chake, ndipo asanachite thukuta madzi akuda anatumphuka pabowo.

"Pano ayezi amayenera kufika m'chifuwa mwanga," anatero. "Wangokwana mkono. Ndipo wafumbwa."

Palibe amene anaseka.

Pamene ankamwa tiyi atatsamira ngolo, Chikwapu analephera kupirira. "Tandiuzeni bwino za mphika wanu uja. Pang'onopang'ono, ngati mukuuza galu."

"Tandibwerekani chikwapu chanu."

Manjenje anachiyala pa ayezi, chonse, n'kugwedeza chigwiriro kamodzi. Linunda linanyamuka pafupi ndi dzanja lake, n'kuthamanga m'chikopa chonse mpaka nsonga inalira thwa pafupi ndi mphuno ya Makutu.

"Dzanja langali ndi nyanja ya kwathu. Zaka zingapo zilizonse madzi ake amatentha. Akatentha, mpweya wonyowa umakwera, mitambo ya mabingu imaunjikana pamene sinkaunjikana. Mitamboyo imakankha mphepo zikuluzikulu za kumwamba, zija zimazungulira dziko lonse, ndipo mphepozo zimapindika ngati chikwapuchi. Kupindikako kumayenda, kumayenda, mpaka kunsonga. Kunsongako ndi kuno. Pamene pali linunda, mphepo yotentha imalowa. Pamene palowa pansi, kumazizira kuposa kale. Chaka chino linunda lagwera ife."

Chikwapu anayang'ana chikwapu chake ngati sanachionepo.

"Ndili mnyamata kunagwapo mvula nthawi ngati ino," anatero. "Itaundana inaphimba msipu wonse. Nyama za kutchire zinafa zili chiimire."

"Chaka chiti?"

Chikwapu anatchula. Manjenje anagwedeza mutu. "Chaka chomwecho bambo anga ankakoka maukonde opanda kanthu. Anali msodzi. Nsomba zinathawira pansi kufuna madzi ozizira. Kenako mvula inagwa, nyumba yathu n'kupita ndi madzi, mayi anga ali ndi mwana kumsana."

"Tiyeni," anatero Mlamu, akutaya tiyi wotsala. "Mukalirirana kunyumba. Taonani uko."

Chifunga chinkabwera chokwawa, ndipo sipanatenge nthawi chinawameza. Chikwapu ankaona agalu a pafupi ndi ngolo okha. Makutu ankamumva ndi chingwe basi. Ankayenda, kuima, kugogoda, kuyendanso. Pena ankakumana ndi ming'alu, n'kumayenda m'mbali mwake kufuna pochepa powolokera.

Kenako agalu onse anangoti zii.

Agalu akauwa, chinthucho chili kutali. Akakhala chete, chafika.

Chimbalangondo choyera chinatuluka m'chifunga chakumbuyo kwa ngolo, kumene Mlamu anakhala. Chinali chachikulu koma chowonda, nthiti zikuwerengeka, ubweya uli wachikasu ndi wonyowa. Mapanga a chipale mmene akatumbu amaberekera anali atagwa ndi kutentha, ndipo chinali chisanalawe kanthu. Sichinanunkhize, sichinazengereze. Chinkangobwera.

Chikwapu anasolola mfuti, koma Mlamu anali pakati pa iye ndi chilombocho.

"Alamu, gonani pansi!"

Mlamu sanagone. Anatulutsa mpeni, n'kudula zingwe za thumba la nyama, n'kulikankha ndi mapazi onse awiri. Thumbalo linagubuduka, n'kung'ambika, nyama n'kumwazika. Chimbalangondo chinaligwera ndi zikhadabo.

"Thamangitsani agalu!"

Chikwapu chinalira, agalu n'kuuluka. Manjenje anagwira kumbuyo kwa ngolo, akukhwekhwerezeka ndi mawondo mpaka Mlamu anamukokera pamwamba ndi kolala. Anathamanga osagogodanso ayezi, osadziwa chimene chili pansi pawo, mpaka agalu anatulutsa malilime.

"Nyama yonse ija," anatero Chikwapu akupuma wefuwefu. "Agaluwa adya chiyani?"

"Mukanakonda chidye ine?"

"Inu chikanakulavulani. Ndinu owawa."

Mlamu anaseka, n'kubwezera mpeni m'chimake.

Anafika pachilumba chifunga chitayamba kung'ambika. Kanyumba ka matabwa kanali pakati pa miyala, utsi wochepa ukutuluka m'paipi. Panja panalibe ngolo. Panali galu mmodzi yekha, amene anangodzutsa mutu osauwa.

Apongozi anali atagona pabenchi, mwendo wamanzere ataumangirira kuthabwa, utatupa mpaka buluku analing'amba. Nkhope yawo inali itagwa. Ataona mwana wawo pakhomo, maso awo anafiira.

"Ndani wakuuza kuti ubwere?"

"Bambo, simumayankha wailesi."

"Wailesi ili pansi pa nyanja, pamodzi ndi ngolo ndi agalu anga. Unkayesa sindinaone kuti ayezi wawola? Ndinanyamuka kalekale kuti ndibwerere, n'kundithyokera pansi. Ndinakwawa ndekha kufika pano." Anatembenukira kwa Chikwapu. "Ndipo inu mkamwini, munthu wodziwa ayezi, mwanyamula mwana wanga kudutsa naye pamenepo? Kudzatenga nkhalamba yotha kale?"

Chikwapu anavula chipewa, n'kuyang'ana pansi. "Bambo, mwana wanu winayo ndiye wandituma."

Nkhalambayo inatembenukira kukhoma. Kenako inati, "Muli mafuta a katumbu m'chitini umo. Patsani agalu kaye."

Mlamu anatsegula wailesi yake. Mawu a kuofesi ankamveka modukaduka: mphepo yotentha yafika kale kumapiri, mvula ili m'njira.

"Tinyamuke pompano," anatero Chikwapu. "Tithamange isanatipeze."

"Itipeza pakati," anatero Mlamu. "Agalu atopa, ngolo yalemera ndi bambo. Mvula ikatigwira pa ayezi uja, sadzapeza ndi chipewa chomwe."

"Ndiye tikhale pano tidye miyala? Ayezi akasweka, boti silingadutse m'zibenthuzo mwina mwezi wathunthu. Mwendo uwu sudikira mwezi."

"Linunda silikhala malo amodzi, achimwene," anatero Manjenje. "Limasuntha. Kumbuyo kwa mvulayi kuli kuzizira. Sikukhalitsa, mwina tsiku, mwina osakwana. Koma kulimbitsa m'mbali mwa gombe. Tidikire, kukangozizira tithamange."

"Nanga kukapanda kubwera?"

"Zikatero ndiye kuti ndakunamizani, ndipo mudye ine poyamba."

Chikwapu anayang'ana apongozi ake. Nkhalambayo inalankhula isanatembenuke. "Pakati paja musapayerekezenso. Dikirani. Mudzere kugombe."

Mvula inabwera ndi mphepo yofunda ngati mpweya wa m'kamwa. Inkamenya matabwa, inkadontha padenga, inkasandutsa chipale phala. Analowetsa agalu onse m'kanyumbako, fungo lake losaneneka. Kunja nyanja inkalira ngati mizinga. Chikwapu akatuluka kukayang'ana, ankapeza kuti njira imene anadzera yasanduka madzi akuda bii, zibenthu za ayezi zikugundana ngati ng'ombe zolusa. Akanapanda kudikira, bwenzi ali pamenepo. Atalowa anamupatsa Mlamu chidutswa chake cha mafuta.

Mafuta a katumbu anatha. Anawiritsa zikopa zakale, n'kumwa msuzi wake, agalu n'kutafuna zotsalazo. Apongozi anayamba kutentha thupi, n'kumaitana agalu awo omira mayina mmodzimmodzi. Pofuna kuwawiritsira madzi otsukira bala, palafini naye anatha. Ndipo mvula inkagwabe.

Chikwapu anasiya kulankhula ndi Manjenje. Ankangomuyang'ana. Manjenje ankatuluka kawirikawiri, n'kuima pamwala, n'kumayang'ana kumene mitambo ikulowera, n'kubwerera atanyowa.

Ulendo wina anabwerera akuthamanga, mano akugundana kwambiri, akumwetulira.

"Achimwene! Ndikuzizidwa!"

Mphepo inali itatembenuka. Madontho a padenga anayamba kuuma n'kukhala minga. Anadikira mpaka chithaphwi cha pakhomo chinatha kunyamula munthu, kenako anagoneka apongozi pangolo, n'kuwafunditsa zikopa, n'kunyamuka.

Njira ya kugombe inali yoterera ngati mbale yopaka mafuta. Agalu ankagwa, n'kudzuka, mapazi akusiya timadontho tamagazi. Chikwapu ankayenda patsogolo ndi mkondo, chingwe chili m'chiuno, Mlamu atagwira mbali ina. Ayezi watsopano anali ataphimba zonse, wabwino ndi wowola yemwe, ndipo maso sankathandizanso. Apongozi, malungo ali choncho, ankadzutsa dzanja m'zikopa n'kuloza: kumanja, kumanzere, imani. Ankadziwa pamene pali miyala pansi ndi pamene madzi amathamanga.

Anayenda choncho mpaka miyendo inasiya kumva. Phiri la kuseri kwa tauni linayamba kuonekera patali. Kunatsala mathiriro a mtsinje.

Anali pakati pa mathirirowo pamene Chikwapu anamva kugwedezeka pansi pa mapazi, kochepa, ngati munthu watseka chitseko m'chipinda china. Makutu analira. Patsogolo pawo, pakati pa iwo ndi gombe, panatseguka mzere wakuda. Anathamangirako, koma pofika unali utakula kale kuposa pamene munthu angadumphe. Anayang'ana kumbuyo: nakonso madzi. Anali pa chibenthu chachikulu ngati bwalo la mpira, ndipo mphepo yochokera kumtunda inkachikankhira kunyanja.

Chikwapu anamanga chingwe kumkondo, n'kuponya. Mkondo unagwera kutsidya, n'kuterereka, n'kubwerera m'madzi. Anaponyanso. Chimodzimodzi. Anamanga Makutu chingwe, n'kumukankhira m'madzi, koma galuyo anasambira pang'ono n'kubwerera kwa mbuye wake.

"Pafunika munthu kutsidyako amangirire chingwe," anatero apongozi. "Tikatero tikwera kachibenthu aka kabenthuka m'mphepetemu, n'kudzikoka ngati tili pabwato. Tinkatero kale. Koma pafunika munthu kutsidya."

Anayang'anana. Anthu a kumeneko sasambira. Madzi awo sapatsa munthu mpata wophunzira.

Manjenje anali atayamba kale kumasula mabatani.

"Iwe, usachite misala," anatero Mlamu.

"Ndinayamba kusambira ndisanayambe kuyenda, achemwali. Apa m'pafupi. Mukachedwa nane pakhala patali." Anavula jekete loyamba, lachiwiri, majuzi, buluku, nsapato. "Zovalazi muzikulunge m'chikopa, ndikafika ndizikoka ndi chingwe chaching'ono. Ndimangirireni chitsulo changa kumsana."

Chikwapu anamanga mfundozo yekha. Zala zake zinkakhudza khungu la mnzakeyo, lomwe linali litayamba kale kutuwa.

"Musaime," anamuuza. "Mukatuluka muzidumpha, muzithamanga. Musakhale pansi."

Manjenje analowa chubwi. Anatulukira akukuwa mawu a chinenero cha kwawo, kenako n'kuyamba kusambira, mikono italiitali ikudula madzi. Mlamu ankamasula chingwe akupemphera mokweza. Pakati Manjenje anachedwa, mutu unamira, n'kutulukanso. Atafika kutsidya anagwira m'mphepete, ayezi n'kubenthuka. Anagwiranso, n'kubenthukanso. Kachitatu anaponya chifuwa pamwamba, n'kudzikweza ngati katumbu.

Anakwawa mpaka polimba, n'kuyamba kupotokola chitsulo. Ankagwa, n'kudzukanso. Chitsulo chitalowa anakulungapo chingwe chachikulu, n'kukweza dzanja.

Kenako anakoka mtolo wa zovala. Unali utatsala pang'ono kufika pamene unakodwa m'kachibenthu koyandama, n'kupidiguka, chikopa n'kumasuka. Chikwapu anaona majekete awiri aja akufutukuka m'madzi, n'kumira pang'onopang'ono.

"Kwezani ngolo! Msanga!"

Kachibenthu ka m'mphepete kanapendekeka ndi kulemera kwa ngolo ndi agalu, madzi n'kukwera mpaka m'mapazi. Chikwapu ndi Mlamu ankakoka chingwe, dzanja pa dzanja, mphepo ikuwabweza. Apongozi nawo anagwira chingwe ali chigonere. Chingwe chinkaundana, chinkang'amba magolovesi, kenako zikhatho. Ankasendera ngati nkhono. Kutsidyako munthu wamaliseche ankadumpha, akudzimenya m'nthiti. Kenako ankangoyenda mozungulira. Kenako anagwada.

"Dzukani!" anakuwa Chikwapu. "Achimwene, dzukani!"

Atagunda kutsidya, Chikwapu anadumpha asanaimike n'komwe. Anavula jekete lake ndi juzi, n'kumuveka Manjenje. Apongozi anadzivundukula zikopa zonse.

"Mugonekeni pano, pambali panga. Thupi langa likutentha chabe, limuthandize."

Anamugoneka pakati pa nkhalambayo ndi Mlamu, n'kuikapo agalu awiri pamapazi. Moto panalibe. Palafini analibe, ndipo pagombe ponse panalibe ndi kamtengo komwe. Mlamu anakuwira mu wailesi kuti a chipatala akonzeke, ndi kuti aliyense wokhala ndi njinga yamoto abwere motsata gombe.

"Ndinakuuzani kuti kuzizira kubwera," anatero Manjenje, mawu akutuluka mothyokathyoka. "Kwabwera kochuluka."

"Khalani chete, sungani mpweya."

Chikwapu anaimirira kumbuyo kwa ngolo ali ndi malaya okha. Analiza chikwapu, koma agalu anjala, a mapazi ong'ambika, ankangoyenda. Anawaitana mayina, anawachonderera, anawatukwana. Kwa nthawi yoyamba chibadwire chake anatsitsa chikwapu pamsana pa galu. Makutu anacheuka, n'kumuyang'ana, n'kukoka.

Mlamu ankamufunsa Manjenje mafunso kuti asagone: mayina a abale ake, mtundu wa boti la bambo ake, nsomba imene ankaikonda. Ankayankha, kenako ankayankha zina, kenako m'chinenero chake chokha. Ngolo yonse inkagwedezeka ndi kunjenjemera kwake. Atazungulira phiri, kugwedezekako kunaleka.

"Kwafunda," anatero Manjenje momveka bwinobwino, akukankha chikopa. "Ndichotsereni izi, kwatentha."

Apongozi anamukumbatira mwamphamvu, n'kuyang'ana mkamwini wawo. Onse awiri ankadziwa tanthauzo lake: munthu wozizidwa akayamba kumva kutentha, imfa yayandikira. Chikwapu anatsika pangolo kuti ipepuke, n'kumathamanga akukankha, mpweya ukumucheka m'chifuwa ngati mpeni.

Njinga zamoto zinakumana nawo nsanja ya ofesi ya zanyengo ikuonekera. Namwino anadumpha, n'kulowetsa dzanja m'zikopa, n'kugwira pakhosi pa Manjenje nthawi yaitali. Anamuthamangitsirabe kuchipatala, ndipo kumeneko anayesa zonse zimene ankadziwa. Chikwapu anali ataima m'khonde, atafunda bulangete, pamene anamuitana kuti alowe.

Apongozi anawadula mwendo pansi pa bondo, ndipo anachira. Agalu awiri sanadzakokenso ngolo. Ayezi wa panyanja yonse anachoka pasanathe masiku ambiri, ndipo alenje ena onse amene ankakonzeka kupita kukasaka anamasula katundu wawo.

Tsiku lotsatira maliro a Manjenje atakonzedwa kuti apite kwawo pa ndege, Mlamu anabwera kunyumba ndi foni m'manja.

"Mayi ake akufuna kulankhula ndi munthu amene ankayendetsa ngolo."

"Alamu, ine ndikanena chiyani? Lankhulani ndinu."

"Akufuna inu."

Anakhala patebulo la m'khitchini, mkazi wake ataima kumbuyo kwake, dzanja lili paphewa pake. Kumbali inayo mayi wokalamba ankalankhula, mwana wake wamkazi n'kumasulira kwa Mlamu, Mlamu n'kumasulira kwa Chikwapu. Mawu aliwonse ankayenda ulendo wautali. Chikwapu anafotokoza zonse, osabisa. Ananena kuti anthu atatu ali moyo chifukwa cha mwana wawo. Ananenanso kuti mfundo ya mtolo wa zovala anamanga ndi iye.

Kenako mayiyo anafunsa funso lalifupi.

"Akuti, anali yekha?"

"Ayi. Anali m'manja mwa apongozi anga."

Funso linanso.

"Akuti, anamutseka maso ndani?"

Chikwapu anayankha, "Ndine."

Mayiyo analankhula nthawi yaitali, mawu ake osanjenjemera. Mlamu anamvetsera, n'kuphimba pakamwa ndi dzanja, n'kulephera kumasulira. Anayesanso.

"Akuti ntchito imeneyo ndi ya mbale wake, ndiye kuyambira lero inu ndinu mwana wawo. Akuti za mfundo asamvenso. Akufunsa ngati mwadya."

Chikwapu anayang'ana mbale imene mkazi wake anamuikira m'mawa, ili chivindikirire.

"Auzeni kuti ndikudya tsopano, amayi," anatero, n'kuikokera pafupi.